Zala za Mphezi

Chaka chimene mafakitale anasiya kufuka utsi, pa banki ya pamsewu wa kusiteshoni panali akazi awiri okha ogwira ntchito pakauntala, ndipo anali a bere limodzi. Wamkuluyo anthu ankamutchula kuti Mphezi, wamng'onoyo ankamuti Nkhono. Amene anapereka mayinawa anali mlonda wapakhomo, munthu amene ntchito yake inali kuyang'ana anthu tsiku lonse, ndipo sanalakwitse.

Masiku amenewo kunalibe makina owerengera ndalama. Makina anali zala za munthu ndi kachinkhupule konyowa m'kambale. Eni banki anayamba kulemba akazi osati chifukwa chowakonda ayi, koma anaona kuti malipiro a mwamuna mmodzi amakwana akazi awiri n'kutsalako chenji. Anaikanso lamulo loti mkazi akakwatiwa atule pansi ntchito.

Mphezi anali atakhala pazenera lachiwiri zaka khumi ndi zinayi. Akagwira mtolo wa ndalama zamapepala, ankaupinda pakati pa zala zakumanzere, n'kukhudza chinkhupule ndi chala chachikulu, kenako munthu ankangomva phokoso ngati la nkhunda ikuuluka. Usanamalize kunena kuti zikomo, chidindo chinali chitagwa kale pakabuku kako. Panali kalaliki wina wa kusiteshoni amene anamufunsira kawiri konse, wa ndevu zometa bwino, koma Mphezi anayeza mwamunayo ndi zeneralo, zenera linalemera. Kalalikiyo anakwatira wina, ndipo Mphezi anatsala ndi zala zake.

Nkhono analowa ntchito zaka zisanu pambuyo pake, mkulu wakeyo atachita kumugwadira kwa a manijala. Nkhonoyo ankawerenga ngati munthu wosankha nyemba. Ankayala pepala lililonse pakauntala, kuliwongola ngodya, n'kufunsa mwini ndalamayo za chifuwa cha mwana wake. Akasokonezeka, ankaseka n'kuyambiranso. Mphezi ankamukonda mng'ono wakeyo, tisanamizane, koma chinali chikondi chosavuta, chija timakondera munthu amene ali pansi pathu. Madzulo kunyumba ankamuyeserera pamaso pa amayi awo, onse atatu n'kuseka mpaka misozi.

Pa mazenera asanu a bankiyo, atatu anali atatsekedwa kale ndi matabwa. Kenako kunabwera kalata yochokera kulikulu yoti pakutha pa mwezi atsekenso limodzi, ndipo mwini wake apite kwawo. Mphezi atamva, chisoni chinamugwira chifukwa cha mng'ono wake. Sanafunse n'komwe kuti atseka zenera la ndani, pakuti funso loterolo linali lopusa. Tsiku lomwelo anadutsira kwa telala wapangodya kukafunsa mtengo wa makina osokera akale, kuti mwanayo asadzangokhala manja lende.

Ndiye Lolemba lina, banki ya kutsidya kwa msewu sinatsegule. Pachitseko anamata pepala loti bankiyo yagwa, ndipo anthu anaima pamenepo n'kumaliwerenga mobwereza ngati lisintha. Lachiwiri m'mawa mzere wa ofuna kutapa ndalama zawo unayambira pakhomo la banki ya achemwali awiriwa mpaka kukakhota pa sitolo ya nsapato.

A manijala, bambo wadazi amene ankatulutsa wotchi yam'thumba ngakhale pofunsa moni, anawaitana onse awiri chitseko chisanatsegulidwe.

"Tamverani amayi," anatero motsitsa mawu. "Palibe banki padziko lapansi imene ingabweze ndalama za anthu onse tsiku limodzi. Sitikana munthu aliyense, koma sitithamanga. Muziwerenga kawiri. Muziyamba ndi mapepala ang'onoang'ono ndi zachitsulo. Belu la 4 koloko likatipeza tikadali ndi kanthu m'dirowa, tapulumuka tsiku limenelo."

"Abwana, ine kuchedwa sindikudziwa," anatero Mphezi akumwetulira, poganiza kuti amuyamikira.

"Phunzirani. Muzionera mng'ono wanuyu mmene amachitira."

Mawu amenewa anamulowa ngati munga wa m'chikhadabo. Zaka zisanu ndi zinayi iye ndiye anali woonerapo, lero akuti aonere Nkhono? Anayang'ana mng'ono wakeyo kuti aone ngati akuseka, koma Nkhono ankangopukuta chidindo chake ndi kansalu.

Sabata imeneyo inali ya Nkhono. Anthu ankafika pazenera lake atakwinya nkhope, n'kuchokapo akuseka. Agogo ena anaima naye theka la ola kukambirana za mankhwala a nyamakazi, ndipo pomaliza anangotapa theka la ndalama zawo, zina anati zikhale kaye. Mphezi naye anayesa kuchedwa, koma zala zinkakana. Akazigwira kuti ziyende pang'onopang'ono, nkhope yake inkauma, ndipo anthu ankamuyang'ana ngati akuwabera. Bambo wina mpaka anamufunsa kuti, "Mayi, kodi mukubisa chiyani?"

Lachitatu a manijala anabweretsa khushoni ya pampando wawo n'kuiika pa situlu ya Nkhono. Lachinayi anamutumizira tiyi m'kapu yokhala ndi kambale kake, ija ankamwera alendo a kulikulu. Mphezi anamva kulira kwa kasupuni m'kapumo kudzera pa thabwa lolekanitsa mazenera awo, ndipo tiyi wake wa m'kapu yachitsulo anamuwawa ngati wathiramo mchere. Zaka khumi ndi zinayi sanamwerepo m'kapu imeneyo. Inali nsanje, ndipo iye ankadziwa kuti ndi nsanje, koma kudziwako sikunamuthandize chilichonse. Anayamba kuona zinthu zimene sankaziona kale: kuti Nkhono ali ndi kampata kokongola pamano, kuti mlonda amamupatsa moni woyamba, kuti ngakhale amayi awo amamusungira mbali yofewa ya buledi. Kwa telala kuja sanapitekonso.

Lachisanu m'mawa a manijala anali ndi maso ofiira.

"Zonse zimene zatsala ndazigawa pawiri, zili m'madirowa anuwo," anatero. "Kumbuyoku, kosungira ndalama, kwatsala mashelefu okha. Galimoto ya kulikulu ifika 3 koloko ndi ndalama zina. Mukayenda monga dzulo, tifika. Ine ndikhala pamwamba kudikira lamya."

Mpaka chakumasana zinthu zinkayenda. Mphezi ankakukuta mano, kuwerenga kawiri, kuwongola ngodya za mapepala monga anamuonera mng'ono wake. Kenako anamva amayi awiri pamzere wake akunong'onezana, kunong'ona kuja kofuna kuti mwini nkhani amve.

"Kodi ameneyu si Mphezi uja?"

"Anali Mphezi kale. Taonani zala, zauma. Ukalamba umenewo."

"Akuti pakutha pa mwezi amuchotsa, asiya wamng'onoyo."

"Bola wamng'onoyo, ali ndi umunthu."

Nthawi yomweyo kasupuni kanaliranso m'kapu kuseri kwa thabwa. Amene anali kutsogolo kwa mzere anali telala wapangodya uja, atagwira kabuku kake ndi manja awiri.

"Zonse, mayi," anatero. "Za makina aja mwaganiza bwanji? Ndikukusungirani."

Mphezi anatenga kabukuko. Anakoka mtolo, anaupinda, anakhudza chinkhupule, ndipo nkhunda inauluka. Chidindo chinagwa telala asanatseke pakamwa.

"Wotsatira!"

Aa, kukoma kwake. Zinali ngati munthu wavula nsapato zothina zimene wayenda nazo sabata yonse. Zala zinakumbukira mwini wake. Amayi onong'ona aja anafika pazenera, anawapatsa zawo osawayang'ana n'komwe, ndipo anachoka ali kukamwa yasa. Anthu a pamzere wa Nkhono anayamba kusuntha mmodzimmodzi, kenako onse pamodzi. Mphezi anaona ndi ngodya ya diso kuti kwa mng'ono wake kwatsala anthu atatu okha, ndipo mtima wake unavina. Anamva Nkhono akugogoda thabwa chapansipansi kuti, "Achemwali, achemwali," koma anachita ngati sakumva. Mawu a a manijala ankawakumbukira bwinobwino. Ankangofuna mphindi zina zisanu zoti anthu aone kuti Mphezi ndi ndani, ndipo zisanuzo zikatha ankafunanso zina.

Itangopitirira 1 koloko, analowetsa dzanja m'dirowa n'kukhudza thabwa. Anapapasa kumbuyo, kumbali, osapeza kanthu. Mosaganiza anaikankha kuti itsekeke. Dirowa yodzaza imatsekeka mwaulemu, koma yopanda kanthu imalira kuti kho! Anthu amene aima pamzere wa banki masiku anayi amadziwa kusiyana kwake.

"Zatha," anatero bambo amene anali kutsogolo, osati mokweza.

Liwulo linayenda chobwerera ndi mzere, linatuluka pakhomo, linakafika ku sitolo ya nsapato, ndipo linabwerako litasanduka chiphokoso. Anthu anayamba kukankhana. Mlonda anapanikizidwa pachitseko, chipewa chake chikupondedwa. Wina anagwira zitsulo za pazenera la Mphezi n'kumazigwedeza. Iye anangoima, manja ali pakauntala.

Ndiye Nkhono anakwera pa situlu yake, pamwamba pa khushoni ya a manijala, atanyamula mitolo iwiri m'mwamba kuti aliyense aione.

"Zatha kuti?" anatero akuseka. "Izi ndi nyuzipepala? Achemwali angawa sanalawe kanthu kuyambira m'mawa, alekeni akadye. Bwerani kuno, koma mwadongosolo, mukudziwa kale kuti ine mukandisokoneza ndimayambiranso. Bambo inu ogwedeza zitsulo, mkazi wanu uja anachira?"

Ena anaseka, ndipo anthu akaseka kukankhana kumavuta. Mzere unabwerera. A manijala anatsika masitepe akuthamanga, anayang'ana dirowa ya Mphezi, anamuyang'ana iyeyo, n'kumulozera mpando wa kuseri. Pampando pamenepo Mphezi anakhala maola awiri akuonerera msana wa mng'ono wake. Nkhono analipira anthu ndi zachitsulo, kuziunjika khumikhumi, kuzigwetsa, kuzitola, kufunsa za maliro ndi maukwati. Aliyense m'bankimo ankapemphera kuti asafulumire. Mphezi nayenso ankapemphera, koma pansi pa pempherolo panali kena konyansa kamene kankafuna kuti mwanayo alephere.

Galimoto inafika 3 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri, Nkhono atatsala ndi mtolo umodzi. Mabokosi anayi achitsulo anawalowetsera dala pakhomo lakutsogolo kuti anthu awaone, ndipo ambiri atawaona anapinda timabuku tawo n'kumapita kwawo.

Belu litalira, kalaliki wa kulikulu amene anabwera ndi galimotoyo anati sangachoke popanda pepala losainidwa kuti ndalama zawerengedwa ndipo zakwana, komanso sangadikire nthawi yaitali. A manijala anatembenukira kwa Mphezi.

"Popeza mumakonda liwiro, nalo liwiro. Mabokosi anayi. Mng'ono wanu akhala mboni monga mwa lamulo. Za ntchito yanu tikambirana mukamaliza."

Anatenga mlendoyo kupita naye pamwamba kukamwa tiyi. M'chipinda chosungira ndalama munali fungo la chitsulo ndi nkhungu. Mphezi anamasula mtolo woyamba, anakhudza chinkhupule, anawerenga. Unayenera kukhala wa mapepala zana, koma anapeza operewera awiri. Anabwereza, anapeza opitirira ndi limodzi.  Kachitatu mtolo unamupulumuka, mapepala n'kumwazika pansi.

Nkhono anasuzumira kunja, anatseka chitseko, anatola mapepalawo.

"Khalani pansi, achemwali."

"Iwe, tichoka muno mawa ukagwira ndiwe."

"Khalani pansi."

Nkhono anakoka mtolo. Sanaupinde monga ankachitira Mphezi, anaugoneka pachikhatho. Chinkhupule sanachikhudze n'komwe. Zala zitatu zinayenda pamodzi, ndipo panalibe phokoso la nkhunda, panali kamphepo chabe ngati munthu akupuma. Mtolo unatha, wina unabwera. Nkhope ya Nkhono inali yachilendo, yosaseka, milomo ili phee. Pakati pa bokosi lachiwiri anaima, anasolola pepala limodzi long'ambika, analiika pambali, n'kupitiriza osataya nambala.

Mphezi anakhala pa bokosi lopanda kanthu akuyang'ana manja amenewo. Ankawadziwa kuyambira ali tizala ta khanda togwira chala chake. Sanawaonepo akuchita zimenezi, ndipo ankadziwa, monga amadziwira mmisiri akaona mmisiri mnzake, kuti iye sanafikepo pamenepo ngakhale pa tsiku lake labwino.

Nkhono anamanga mtolo womaliza, analemba nambala papepala, n'kulikankhira kwa mkulu wake pamodzi ndi cholembera.

"Sainani apa, pa wowerenga. Ine ndisaina pa mboni."

"Sindinawerenge ine."

"Akudziwa ndani? Sainani msanga, akutsika."

Masitepe ankalira kale. Mphezi anaganiza za amayi awo, za lendi, za kalaliki wa kusiteshoni amene tsopano anali ndi ana anayi. Anaganizanso zong'amba pepalalo. Anasaina.

A manijala analowa ali ndi wotchi m'manja, anayang'ana mitolo yosanjidwa bwino pashelefu, anayang'ananso wotchiyo, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu.

"Mphindi makumi awiri ndi zisanu," anatero. "Mabokosi anayi."

Kalaliki wa kulikulu anaimba mluzu. Anati wayenda m'mabanki ambiri koma zoterezi sanazione, ndipo anatulutsa kabuku n'kulembamo nambalayo. A manijala anakanda dazi lawo nthawi yaitali.

"Mayi, lero munatsala pang'ono kutitsekera banki. Pazenera simudzaimanso, zenera lachiwiri ndilo tikhomere matabwa. Ndinali nditaganiza zokuuzani kuti mupite." Anayang'ananso mitolo ija. "Koma zala ngati izi sindingazitaye. Akulikulu azitumiza ndalama Lachisanu lililonse mpaka zinthu zitakhazikika, ndipo pakufunika wowerengera kumbuyo kuno. Malipiro atsikako pang'ono."

"Ndiye ndikauza dalaivala kuti kuno tiziima mphindi makumi awiri ndi zisanu basi," anatero kalalikiyo mosangalala. "Tizitha kufikanso ku nthambi ina dzuwa likadalipo."

Mphezi anati zikomo. Mabokosi anayi iye sanawawerengepo pansi pa mphindi makumi atatu ndi zisanu.

Popita kunyumba anadutsa limodzi pa sitolo ya nsapato. Nkhono ankayenda mwa kayendedwe kake kaja, kokoka mapazi, ndipo kwa nthawi yoyamba Mphezi anakayikira ngakhale kayendedweko.

"Unayamba liti?" anafunsa Mphezi.

"Chaka changa chachiwiri. Ndinkakuonerani, kenako ndinkayeserera ndekha pa nthawi ya nkhomaliro."

"Ndiye zaka zonsezi umatipusitsa? Ine ndikukuyeserera pamaso pa amayi, iwe ukuseka nawo?"

"Zinkasekesa, achemwali. Mumandiyeserera bwino."

"Ndakufunsa chifukwa chake."

Nkhono anasuntha chikwama kuchoka paphewa lina kupita pa lina.

"Tsiku lina ndinamaliza mzere wanga inu musanamalize wanu. Mwina simukukumbuka. Simunandilankhule masiku atatu, ndipo chakudya simunkadya. Ndiye ndinaona kuti ine kucheza ndi anthu kumandikwanira. Inu munasiya zambiri chifukwa cha dzina limenelija."

Akanakhala kuti wanena monyoza, Mphezi akanamutukwana pamsewu pomwepo n'kupepukidwa. Koma ananena mwachifundo, ndipo chifundocho n'chimene chinamupsereza. Dzina lake, chinthu chimodzi chokha chimene ankati ndi chakechake padziko lino, chinali chongomusiyira, ngati mbali yofewa ya buledi imene amasiyira mwana wovuta. Kunyumba amayi awo atafunsa kuti kuntchito kwayenda bwanji, Nkhono anati onse awiri ntchito ikadalipo, ndipo amayiwo anawomba m'manja n'kuyamika Mulungu. Mphezi anati mutu ukumupweteka.

Lamlungu m'mawa, ena atapita kutchalitchi, Mphezi anatenga nyuzipepala zakale ndi sizasi. Anazidula kukula kwake ngati ndalama zamapepala, anazimanga m'mitolo ya zanazana ndi ulusi, mpaka tebulo lonse linadzaza. Anaika wotchi ya pakhoma patsogolo pake ndi kambale ka chinkhupule kumanja. Ulendo woyamba anamaliza pa mphindi makumi atatu ndi zinayi. Wachiwiri, makumi atatu ndi zitatu. Zala zinada bii ndi inki, ndipo Lachisanu linali litatsala masiku asanu.

Ali mkati mwa ulendo wachitatu anamva kuti pakhomo paima munthu. Sanatembenuke. Nkhono anali atabwerako yekha, akadali ndi buku lanyimbo m'manja, ndipo anaima pamenepo mpaka mitolo itatu inatha.

"Chinkhupulecho chimakudyerani nthawi, achemwali," anatero motsitsa. "Mtolo uliwonse mumapita kukachikhudza. Komanso musamaupinde, muziugoneka pachikhatho."

Mphezi anapitiriza kuwerenga mwa njira yake mpaka mtolowo unatha. Ankafuna kumuuza kuti achoke, kuti iye ndi amene anamuphunzitsa kugwira ndalama, kuti popanda iye bwenzi akusoka madiresi kwa telala wapangodya. Anayang'ana wotchi. Kenako anakankhira kambale kaja kumapeto kwa tebulo, anapukuta chala chachikulu pa diresi, n'kugoneka mtolo wina pachikhatho.

"Chonchi?" anafunsa, osadzutsa mutu.

"Tsitsaniko chala chapakaticho," anatero Nkhono, n'kukoka mpando.